Kodi misampha ya panja ingachepetse udzudzu monga ikuchepetsera kashembe?

Mphunzitsi wopuma, kwa Mphonde:

Moni nonse. Ndine mphunzitsi wopuma pa ntchito ndipo ndimakhala kufupi ndi mtsinje wa Bua, kuno ku Nkhotakota, komwe ndikulera zidzukulu zitatu ndi kuweta ng'ombe zisanu. Chiyambireni mvula, pakhonde panga sipakukhalika dzuwa likangolowa, moti nsima ya madzulo timadya dzanja lina lili pa mbale, lina likuphaphatha miyendo. Mwana wanga amene amagwira ntchito ku Lilongwe ananditumizira nyali yowala mobiriwira, ija imakhala ndi mawaya otentha tizilombo, ndipo ndinaipachika pa mtengo wa mango pabwalo nkuilumikiza ku batire ya sola. Usiku wonse imathetheka, ndipo m'mawa pansi pake pamakhala mulu wa tizilombo takufa. Ndinasangalala masiku oyambirira, koma mwezi usanathe mdzukulu wanga wamng'ono anatentha thupi, kuchipatala anamupeza ndi malungo ndipo anamupatsa LA.

Chimene chandipangitsa kulemba ndi ichi. Ndikamadutsa msewu wa ku Kasungu umene umapyola m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota, ndimaona nsalu za buluu ndi zakuda zitakungidwa m'tchire, ndipo ndinamva kuti ndi misampha ya kashembe komanso kuti imagwira ntchito ndithu. Ngati nsalu chabe ikutha kuchepetsa kashembe m'nkhalango yaikulu chonchija, n'chifukwa chiyani sindingatchere chinthu chofanana nacho pabwalo langa kuti udzudzu uthe? Kodi nyali yanga ndaiika pamalo olakwika, kapena pali msampha wina umene ndingapange ndekha? Ndikufunsanso za ng'ombe zanga, pakuti zimadya kufupi ndi mpanda wa nkhalango ndipo ziwiri zayamba kuonda ngakhale msipu uli wambiri.

Mlangizi wa zaumoyo, Dwangwa:

Zikomo aphunzitsi, ndipo pepani ndi matenda a mdzukulu. Ndikupempheni chinthu chimodzi musanachite china chilichonse: mawa m'mawa yalani pepala loyera, mukhuthulirepo zimene nyali yapha, ndipo muzisankhule ndi kamtengo monga timasankhulira mpunga. Mupeza agulugufe a usiku, tiziwala, tizikumbu, inswa ngati kwagwa mvula, ndipo ngati mphepo yachokera kunyanja mupeza nkhungu zochuluka. Nkhungu zimafanana ndi udzudzu pa maonekedwe, n'chifukwa chake ambiri a ife a m'mphepete mwa nyanja timakhulupirira kuti nyali zoterezi zikupha udzudzu, chonsecho nkhungu siziluma munthu ndipo sizifalitsa matenda alionse. Udzudzu weniweni muuwerenga ndi zala za dzanja limodzi. Ofufuza a pa yunivesite ya Delaware ku America anawerenga tizilombo tophedwa ndi nyali zotere ndipo mu 1996 anafalitsa zimene anapeza: pa tizilombo 13,789, toluma tinali 31 tokha. Choncho nyali yanu sikuti mwaiika polakwika ayi, koma kuti kuwala si chimene udzudzu ukusaka.

Udzudzu umene umaluma ndi waukazi wokha, ndipo umafuna magazi kuti mazira ake akhwime. Umapeza munthu potsata mpweya umene amatulutsa popuma, kenako fungo la thukuta, makamaka la kumapazi, ndipo ukayandikira umatsata kutentha kwa thupi. Inuyo mukakhala pakhonde ndi zidzukulu zitatu, fungo lanu nonse limaposa chilichonse chimene chapachikidwa pa mango paja. Msampha wa udzudzu umene ungagwire ntchito uyenera kununkha ngati munthu, ndiponso uyenera kukhala ndi kachipangizo kokoka mpweya kuti udzudzu ukayandikira umezedwe.

Msampha wotere ulipo. Umatchedwa Suna, dzina la udzudzu m'chilankhulo cha Aluo, ndipo unayesedwa pa chilumba cha Rusinga m'nyanja ya Victoria ku Kenya ndi akatswiri a yunivesite ya Wageningen ya ku Netherlands pamodzi ndi anzawo a ku Kenya komweko. Anaupachika panja pa nyumba za mabanja oposa 4,000, uliwonse ndi sola yake, ndipo zotsatira zimene zinatuluka mu 2016 zinaonetsa kuti udzudzu wa mtundu wa Anopheles funestus unachepa ndi magawo pafupifupi 70 pa 100, pamene anthu opezeka ndi tizilombo ta malungo m'magazi anachepa ndi magawo pafupifupi 30 pa 100. Mtundu umenewu ndi womwe umativutsa kwambiri kuno kunyanja, chifukwa umaswana m'madambo ndi m'madzi okhalitsa a udzu, monga a m'mbali mwa Chia ndi Bua, moti sutheratu ngakhale m'chilimwe. Koma taonani zinthu ziwiri. Ku Rusinga anatchera chilumba chonse, osati nyumba imodzi, ndipo anthuwo sanasiye kugona m'masikito. Msampha womwewu unagwiritsidwanso ntchito kuno kwathu, m'midzi yozungulira Majete ku Chikwawa, koma kumeneko ntchito yake inali yowerengera kuchuluka kwa udzudzu, pamene njira zimene ankayesa zinali kutseka mipata ya nyumba ndi kupha mphutsi m'madzi.

Ine ndikanakhala inu, nyonga zanga ndikanaziika pa mpata umene uli pakati pa khoma ndi denga. Udzudzu wa malungo ukafika pakhoma umakwera m'mwamba kutsata fungo lofunda lochokera m'nyumba, ndipo umalowera pamenepo koposa pakhomo. Matani mpatawo ndi njerwa ndi dothi, ikani waya wa timabowo ting'onoting'ono m'mawindo kuti mphepo izilowabe, ndipo yang'anani masikito a ana ngati alibe zibowo ndiponso ngati akupisidwa bwino pansi pa mphasa. Kenako yendani mozungulira pakhomo: nkhuti zimene munakumba poumba njerwa, mapondedwe a ng'ombe pafupi ndi mjigo, ndi ngalande zosayenda madzi. M'nyengo yotentha dzira limasanduka udzudzu wouluka m'masiku pafupifupi 10, choncho chithaphwi chimene chakhala sabata ndi theka chakupatsani kale alendo. Opopera mankhwala m'makoma akafika m'dera lanu, atsegulireni zipinda zonse. Boma lathu la Nkhotakota ndi limene linayamba kulandira ntchito imeneyi mu 2007, ndipo ndimamva chisoni ndikaona khomo lokhomedwa loko tsiku lopopera chifukwa eni ake aopa kutulutsa katundu.

Mlangizi wa ziweto wopuma, Benga:

Aphunzitsi, alangizi anzangawa afotokoza bwino za udzudzu, ndiye ine ndiyankhe za nsalu zimene mumaona m'nkhalango, popeza ndinagwirapo ntchito yotchera nsalu zotere ndili mnyamata, ndipo funso lanu ndi lanzeru kuposa mmene mukuganizira. Yankho lake lagona pa kusiyana kwa moyo wa tizilombo tiwiriti.

Kashembe amasaka masana ndipo amadalira maso. Akaona chinthu chachikulu cha mtundu wa buluu amachilondola, ndipo akafika amakonda kutera pa chakuda, poganiza kuti ndi nyama. N'chifukwa chake nsaluzo zimasokedwa mitundu iwiri, nkunyikidwa m'mankhwala, kawirikawiri deltamethrin, kuti kashembe akangotera pang'ono atenge poizoni kumapazi nkukafera patsogolo. Pansi pake pamaikidwa kabotolo ka fungo, kaya acetone, kaya mkodzo wa ng'ombe umene wagonera masiku angapo, kuti kashembe wakutali amve ngati pali njati kapena ng'ombe. Luso limeneli linakhwimira ku Zimbabwe, pa malo ofufuzira a Rekomitjie m'chigwa cha Zambezi, komwe Glyn Vale ndi anzake anaphunzira zimene kashembe amakonda, ndipo anapeza kuti nsalu zinayi zokha pa sikweya kilomita imodzi zimakwanira kwa kashembe wa m'tchire ngati wathuyu.

Nsalu zinayi zingakwanire bwanji malo aakulu chotero? Chinsinsi chake n'chakuti kashembe saikira mazira ambiri monga tizilombo tina. Wamkazi amasunga mphutsi imodzi m'mimba, kuidyetsa mpaka itakula, nkuibereka pa dothi lofewa la pamthunzi, ndipo amachita zimenezi kamodzi pa masiku 9 kapena 10. Mphutsiyo imalowa pansi nkukhalamo pafupifupi mwezi isanatuluke ndi mapiko. Kachilombo kobereka mwa apo ndi apo chonchi, mukamapha ochepa okha tsiku lililonse mosalekeza, mtundu wonse umayamba kutha. Udzudzu umodzi umaikira mazira 100 kapena kuposa nthawi imodzi, ndipo pakangopita masiku awiri kapena atatu umaikiranso. Mukapha makumi awiri pabwalo panu usiku uno, dambo la Bua likutumizirani mazana mawa. Apa ndiye pasiyanira zinthu, ndipo ndikunena motsimikiza kuti nsalu ya buluu simungagwire nayo udzudzu wa usiku, umene suona mtundu wa nsalu mumdima koma umanunkhiza.

Tsopano za ng'ombe zanu, zimene zikundidetsa nkhawa kuposa nyali. Ng'ombe yoonda msipu ulipo, ya ubweya woyangalala, yotuluka misozi, yotsalira m'mbuyo zinzake zikamapita kudambo, ndipo ikudya m'mbali mwa nkhalango, iyenera kuganiziridwa matenda a kashembe. Tembenuzani chikope chake muone mkati: ngati muli motuwa m'malo mofiira, magazi achepa. Musagule mankhwala obaya pamsika nkubaya mongoyerekeza, chifukwa mlingo wake umatengera kulemera kwa ng'ombe, ndipo kubaya mlingo wochepa ndiko kumaphunzitsa tizilombo kupirira mankhwala. Itanani alangizi a ziweto a m'dera lanu atenge magazi.

Msampha wabwino koposa umene muli nawo ndi ng'ombe zomwezo. Kashembe amakonda kuluma m'miyendo ndi kumimba, choncho mukamapopera malo amenewa ndi dibi wa gulu la deltamethrin kapena cypermethrin pakapita masabata awiri kapena atatu alionse, ng'ombe iliyonse imasanduka nsalu yoyenda yokha, yonunkha kale fungo loyenera. Werengani chizindikiro cha pabotolo, chifukwa dibi wa amitraz amapha nkhupakupa koma kashembe samukhudza, ndipo alimi ambiri amataya ndalama pamenepa osadziwa. Nsalu zenizenizo musayese kuzinyika nokha m'mankhwala a thonje kapena a fodya. Zimafuna mtundu wa buluu woyenera umene susuluka msanga padzuwa, zimafuna kulambulidwa udzu mozungulira kuti zionekere patali ndi kuti moto wolusa usazipsereze, ndipo zimathandiza zikatcheredwa ndi mudzi wonse mogwirizana ndi oyang'anira nkhalango, amene kuyambira mu 2015 ndi a African Parks pamodzi ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire. Chimene chinkatipweteka mtima masiku athu n'chakuti tinkapeza nsalu itachotsedwa, wina atakasoka kabudula wa mwana, osadziwa kuti wamuveka mwanayo poizoni ndipo watsegulira kashembe njira ya kumudzi kwake.

Ndisaiwale chachikulu. Kashembe yemweyo amapatsa anthu matenda a kaodzera, ndipo Nkhotakota ndi limodzi mwa maboma amene matendawa amapezeka, pamodzi ndi Rumphi ndi Kasungu. Amayamba ngati malungo, kutentha thupi ndi litsipa, nthawi zina ndi chotupa chowawa pamene munthu analumidwa. Mnyamata amene amakudyetserani ng'ombe akadwala, nkupezeka kuti malungo alibe, kapena wamwa LA koma osachira, mukanene momveka kuchipatala kuti amakhala kufupi ndi nkhalango ndipo amalumidwa ndi kashembe, kuti amuyeze kaodzera. Mtundu wa kuno umapha m'masabata kapena miyezi yochepa ukapanda kuchizidwa, koma mankhwala alipo, ndipo tsopano kuli mapiritsi a fexinidazole omwa masiku 10, amene anayesedwa pa chipatala cha Rumphi. Auzeninso abusa anu kuti asamavale zakuda kapena za buluu popita kubusa.

Mayi wogulitsa usipa, Senga Bay:

Ndawerenga zonse ndipo ndaphunzirapo zambiri, makamaka za dibi, zimene ndikawauza achimwene anga amene ali ndi ng'ombe ku Khombedza. Koma alangizi a ku Dwangwa mundikhululukire, pali mbali imene simunaikhudze. Malangizo a masikito ndi kumata mipata ndi a munthu amene usiku amakhala m'nyumba. Ife ogula usipa timafika kugombe tambala woyamba asanalire kudikira mabwato a kauni, ndipo asodziwo amakonza maukonde awo pamchenga kuyambira madzulo. Alonda, ogulitsa tiyi ndi amayi ogona pa maliro, onsewa usiku umawapeza panja. Kwa anthu otere funso la aphunzitsi ndi lenileni, ndipo siliyankhidwa ndi neti imene yatsala kunyumba.

Ine ndinayesa msampha wa botolo umene anthu amatumizirana pa WhatsApp. Ndinadula botolo la malita awiri, ndinathiramo madzi ofunda, shuga ndi yisiti wa mandasi, mbali yakumwamba ndinaizondotsa ngati fanulo, ndipo ndinakulunga botolo lonse ndi pulasitiki yakuda. Ndinaika atatu pafupi ndi thandala langa loyanikira nsomba. Usiku woyamba m'mabotolomo munachita thovu ndithu, koma patatha masiku anayi ndinapezamo udzudzu usanu ndi umodzi, ntchentche zambiri, ndi mzere wa nyerere wochokera kutali. Shuga amene ndinataya pamenepo akanakwana tiyi wa ana sabata yathunthu. Sindinganene kuti sugwira konse, koma miyendo yanga inalumidwa monga kale.

Chimene chimandithandiza pang'ono ndi kuvala masokosi ndi chitenje chofika kumapazi, kukhala kumene mphepo ya kunyanja ikuomba osati kuseri kwa zisakasa, ndi kufukiza masamba a mpungabwi pa mbaula monga ankachitira agogo athu. Nthawi ya mwera udzudzu umachepa wokha pagombe chifukwa sulimbana ndi mphepo, koma mwera ukangoleka umabwerera. Ndikufunsa alangizi kuti mutiuze zoona: kodi pali chimene chingatiteteze ife a panja, kapena tizingodikira kudwala nkukalandira LA?

Mlangizi wa zaumoyo, Dwangwa:

Mayi, mwanena zoona ndipo ndavomera kuti ndinayankha ngati aliyense amagona m'nyumba. Udzudzu woluma panja, madzulo anthu asanagone ndi mbandakucha, ndi mpata umene masikito ndi kupopera m'makoma sizinautseke, ndipo ndi chifukwa chake akatswiri akulimbikirabe kufufuza misampha.

Botolo lanu silinali bodza lonse. Yisiti akamadya shuga amatulutsa mpweya womwe uja timatulutsa popuma, ndipo ofufuza amagwiritsadi ntchito njira imeneyi kumidzi kumene kulibe mpweya wa m'mathanki, nthawi zina pamodzi ndi sokosi imene munthu wavala tsiku lonse. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo amasakaniza zochuluka m'zigubu zikuluzikulu ndipo amalumikiza ku msampha wokoka mpweya. Botolo la malita awiri limatulutsa mpweya wochepa kuposa wa munthu mmodzi, ndiye inu mutakhala pambali pake udzudzu usankha inu. Ndikuchenjezeninso kuti botolo lotere likaiwalika panja nkudzaza madzi a mvula, limasanduka malo oswanirana mitundu ina ya udzudzu.

Zimene mukuchita kale ndi zanzeru, makamaka kuphimba mapazi ndi akakolo, popeza udzudzu wa malungo umakonda kuluma m'munsi munthu akakhala tsonga kapena ataimirira. Utsi wa mpungabwi umathamangitsa udzudzu pa nthawi imene ukufuka yokha. Choposa pamenepo ndi mafuta odzola othamangitsa udzudzu amene ali ndi DEET, opezeka m'mafamase, amene amagwira maola angapo mukadzola m'miyendo ndi m'manja. Ndikudziwa kuti mtengo wake si wa aliyense, koma kwa mayi woyembekezera amene akudikira mabwato usiku ndinganene kuti agule ngakhale zitavuta, ndipo asaphonye mankhwala oteteza ku malungo a SP amene amaperekedwa ku sikelo. Amene mumagona pagombe podikira nsomba, neti imamangika bwinobwino pa mitengo ya thandala, ndipo ndi ntchito yoyenera neti kusiyana ndi kuisandutsa khoka logwirira tinsomba. Thupi likatentha pitani kukayezetsa tsiku lomwelo kapena lotsatira, chifukwa munthu amene wachira msanga amachepetsa mpata wopatsira tizilombo udzudzu umene ukaluma anzake pagombe pomwepo.

Mphunzitsi wopuma, kwa Mphonde:

Ndathokoza nonse atatu. Ndachita monga munanenera alangizi: ndinakhuthulira zakufa za usiku umodzi pa pepala ndipo ndinasankhula pamodzi ndi mdzukulu wanga wamkulu, amene ali Sitandade 7. Tinapeza agulugufe ndi tizikumbu tosawerengeka, nkhungu zodzaza chikho cha tiyi, ndi udzudzu unayi wokha. Nyaliyo ndaitsitsa, ndipo batire ija tsopano ikuyatsa babu la m'chipinda chimene ana amawerengeramo.

Nditakwera pampando kuyang'ana pamwamba pa khoma la chipinda cha ana, ndinapeza mpata wolowa dzanja lonse kuzungulira chipinda, ndipo neti ya wamng'ono uja inali ndi chibowo kumapazi chimene sindinkachiona chifukwa chinkabisika ndi bulangete. Chibowocho agogo awo asoka dzulo, ndipo mipata tiyamba kumata Loweruka ndi njerwa zimene zinatsala pomanga khola. Nkhuti ili kuseri kwa khitchini ndi yaikulu moti sindingaikwirire ndekha, choncho ndikumba kangalande kotulutsa madzi ake.

Zikope za ng'ombe ziwiri zija ndaziona ndipo mkati mwake ndi motuwa monga munafotokozera, ndiye alangizi a ziweto ndawatumizira uthenga ndipo alonjeza kufika Lachiwiri. Botolo la dibi limene ndakhala ndikugwiritsa ntchito zaka ziwiri lalembedwa amitraz. Bambo a ku Benga, ndithandizeninso apa: ndikasintha dibi, kodi ndipopere ng'ombe zonse zisanu tsiku limodzi, kapena zodwalazo ndiyambe ndadikira kuti zibayidwe kaye? Ndipo popeza ng'ombe za m'mudzi muno zimadyera pamodzi, ndikufuna kukakamba ndi a mfumu kuti eni ng'ombe tonse tizipopera tsiku lofanana, choncho mundiuze zimene ndiyenera kukanena pa bwalolo.